Majekete Ofiira Pamaliro a Achimwene

Ndinadzuka kukadali mdima, mwendo umodzi utachita dzanzi chifukwa chogona pansi. Pabalaza pa nyumba ya achimwene anga a Lenadi, mumzinda wa Hamilton ku Canada, tinali titachotsa mipando yonse n'kuyala mabulangete. Amayife tinachezera pamenepo. Abambo anali m'chipinda cha pansi pa nyumba, poti m'mwezi wa Novembala kuno munthu sangagone panja. Nyimbo zinali zitaduka kale, ndipo aliyense anangogwa pamene tulo tinamupezera, ena chikhalire, buku la nyimbo lili pamiyendo. Thupi la achimwene silinali nafe. Ku Canada maliro amagona kunyumba yosungirako mitembo, choncho usiku wonse tinaimba titazungulira malo opanda kanthu pakati pa balaza.

Achimwene anagwa ali kuntchito, kuchipatala kumene ankajambula mafupa a odwala, ndipo sanadzukenso. Madokotala anati unali mtima. Anasiya mkazi, alamu anga, ndi mwana mmodzi wamkazi, Ndaziona, amene anali atangoyamba kumene sukulu ya sekondale. Zotumiza thupi kumudzi ku Dedza sitinaziganizire n'komwe. Zinali zaka za m'ma 1970, ndipo achimwene anali mmodzi mwa anthu amene anachoka ku Malawi mosatsanzika chifukwa cha ndale. Ine ndinawatsatira pambuyo pake kudzagwira ntchito ya unamwino. Tonse tinkadziwa kuti agona m'dothi la eni ake.

Ndinalumpha miyendo ya anthu kupita kukhitchini kukatereka madzi a tiyi. Nditasuzumira pawindo ndinaona moto kuseri kwa nyumba, n'kuganiza kuti china chake chikupsa. Nditayang'anitsitsa ndinaona azungu atatu atanjuta mozungulira mbaula yaikulu yachitsulo, mphika wakuda ukulendewera pamwamba pake. Ndinawazindikira. Anali anzawo a achimwene a kumasewera a usilikali.

Masewerawa ndiwafotokoze kaye, chifukwa ngakhale ife a m'banja anatitengera nthawi kuti tiwamvetse. Chaka china, nyengo yotentha, achimwene anatenga mwana wawo kukaona linga lakale la m'mbali mwa nyanja. Anapezako amuna akuluakulu atavala majekete ofiira, akuguba ndi mfuti za gogodela, kusonyeza anthu mmene asilikali ankakhalira pa nkhondo yakalekale ya Angerezi ndi Amereka, imene inamenyedwa m'dera lomwe lino. Sanali asilikali enieni ayi. Anali oyendetsa mabasi, aphunzitsi, akalipentala, ena a kufakitale ya zitsulo. Achimwene anafunsa mmodzi wa iwo ngati pankhondoyo panalinso anthu akuda. Anawayankha kuti analipo ndithu, kungoti sipanapezeke munthu wobwera kudzaimira mbali yawo. Kuyambira tsiku limenelo achimwene anagwidwa nazo.

Anayambira pa singano. Lamulo la gululo linali lakuti chovala chilichonse chisokedwe pamanja, monga zinkakhalira makina asanabwere. Munthu amene kwathu sankatha kusokerera ngakhale batani anakhala miyezi akulimbana ndi nsalu yaubweya yokhuthala ngati bulangete, zala zili mabalamabala. Jekete loyamba analisoka mpaka kumaliza, koma anzawo atalitembenuza uku ndi uku anati mikono yake ndi ya masiku ano. Analimasula lonse n'kuyambiranso. Anaphunzira kusungunula chitsulo chofewa n'kuumba mabatani, kusoka lamba wachikopa, kuyatsa moto ndi mwala ndi kachitsulo, kukhoma tenti mvula ikugwa. Kuguba ankayesezera m'chipinda cha pansi chija atanyamula mpini wa tsache, akudzilamula okha m'Chingerezi cha makedzana. Chimene chinawavuta kwambiri ndi kuthira onga mumfuti. Umayenera kuluma kapepala ka ongawo ndi mano, kuthira, kusinja ndi kandodo kachitsulo, zonsezo limodzi ndi anzako osatsalira m'mbuyo. Ankabwerako milomo ili bii, akuseka.

Ifenso tinkawaseka. Amalawi ena ankang'ung'udza kumbali kuti munthu wophunzira, wothawa nkhanza za kwawo, angavale bwanji jekete la atsamunda. Ine ndinawafunsapo tsiku lina tili awiri m'galimoto. Anandikumbutsa kuti bambo athu anapita kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali mnyamata, ndipo anabwerako osanena kanthu mpaka imfa yawo.

"Ndikabereka katundu uja kumsana, nsapato zikundiluma, ndimayamba kumvako pang'ono zimene mdala uja anakana kutiuza," anatero. Sindinawafunsenso.

M'mawa umenewo ndinafunda chikhoti n'kutuluka. Kunja kunali kuzizira kolowa m'mano, kamvula kakuwaza pang'onopang'ono. Wamkulu wa gululo, bambo wamtali wa ndevu zaimvi, kalipentala amene anzake ankamutcha sajeni, anaimirira n'kuvula chipewa. Anandiuza kuti tsiku lina ali kumisasa, akuwotha moto, Leni, monga ankawatchulira achimwene, anawauza kuti kwawo maliro amadziwika ndi moto wa panja, pamene abambo amakhala mozungulira mpaka kucha. Iwo anakumbukira zimenezo, anapempha oyandikana nafe nyumba kuti asadandaule ndi utsi, n'kubwera ndi nkhuni zawo. Mumphikamo munali msuzi wa nsawawa zouma ndi nyama yamchere, chakudya cha asilikali akale. Motowo anauyatsa ndi mwala, osati machesi, ndipo unawavuta chifukwa cha chinyezi. Anati Leni akanakhalapo bwenzi utayaka kalekale.

Kutayamba kuyera, abambo anayamba kutuluka m'chipinda cha pansi chija mmodzimmodzi, atafunda mabulangete. Poyamba anaima patali, manja ali m'matumba. Kenaka wina anakoka kabokosi n'kukhala, wina n'kutambasula manja pamoto. Bambo wina wa ku Zambia, amene anagona nafe usikuwo, anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Apa manje ndiye tili pamaliro." Azunguwo sanamve, koma anamupatsa kapu yachitsulo ya tiyi.

Anthu anayamba kufika. Anabwera a ku Scarborough atadzazana m'magalimoto, a ku Mississauga ogwira ntchito kubwalo la ndege, anamwino anzanga atangoweruka kumene, yunifolomu yoyera ikuonekera kunsi kwa zikhoti. Anabwera ophunzira a kuyunivesite, anzathu a ku Zambia, ndi amayi a ku Jamaica a kutchalitchi kwa alamu atanyamula mabuledi. Amalawi masiku amenewo tinali ochepa, ndipo maliro a mmodzi anali a tonse. Amayi ankatsika m'galimoto atavala mathalauzi ndi majombo, n'kumanga chitenje pamwamba pake asanalowe pakhomo. Ana awo ankapatsidwa moni m'Chichewa, iwo n'kuyankha m'Chingerezi akuyang'ana pansi. Msewu wonse unadzaza magalimoto, ndipo kumwamba kunali kotuwa kofanana ndi utsi wa kufakitale.

Vuto linayamba pamene anzawo ena a achimwene anafika pa galimoto yaikulu n'kutsekula chitseko cha kumbuyo kuti atsitse nkhuni zina. M'katimo munali majekete ofiira atapachikidwa, ng'oma, ndiponso mfuti zitazitali zitakulungidwa m'mabulangete. Abambo a pamoto paja anayang'anana, macheza n'kuduka.

Panali bambo wina wachikulire wa ku Scarborough, munthu wofatsa, amene tinkamutenga ngati malume a tonsefe kuno. Ndi amene ankayendetsa mwambo wonse. Anandiitanira pambali pa nyumba. Anati anamva kuti azunguwo akufuna kukaomba mfuti kumanda. Anandikumbutsa kuti anthu angapo abwera ndi makamera, poti mabanja amafuna zithunzi zotumiza kumudzi, ndiponso kuti pagulu lotere sungadziwe kuti ndani amanena zimene waona, ndipo amazinena kwa yani.

"Mwanangu, chithunzi chimodzi chokha chikafika kolakwika, akati Amalawi a ku Canada akuphunzira mfuti. Ife kuno tigona bwinobwino. Amene akagogodedwe pakhomo ndi mayi anu ku Dedza."

Ndinkadziwa kuti mng'ono weniweni wa malume amenewa anali m'ndende kwathu, osaweruzidwa, pa nkhani yochepa kuposa imeneyi. 

Ndinapita kwa sajeni uja kukamufotokozera. Anamvetsera akusisita ndevu zake. Anati mfutizo sizikhala ndi zipolopolo, ndi onga chabe ndi phokoso, ndipo ndi ulemu umene amapereka kwa mnzawo aliyense akatisiya. Gulu lonse linali litakumana madzulo a dzana lake kuyeseza kuti asalakwitse pamaso pa abale a Leni. Ndinayesetsa kumuuza kuti kwathu wapolisi safunsa ngati mfuti ili ndi chipolopolo kapena ayi. Sanakwiye, koma nkhope yake inagwa. Pomaliza anati achita chimene mayi wa m'nyumba anene.

Alamu anali kuchipinda kwawo, atakhala pamatiresi amene tinawayalira pansi, amayi awiri ali m'mbali mwawo. Chichokereni kuchipatala tsiku la imfa lija sanagwetse msozi. Ankangoyang'ana khoma, akapatsidwa tiyi n'kumugwira mpaka kuzizira. Ndinagwada pafupi n'kuwauza zonse, za malume aja ndi za sajeni. Ndinkayembekeza kuti anena kuti azunguwo apite kwawo ndi zidole zawo, chifukwa masewerawa sankawakonda. Koma anangofunsa ngati majekete abwera nawo. Ndinati inde.

"Avale. Mfuti zitsale m'galimoto, makameranso atsale kuno. Bambo a Ndaziona anayamba ndi tsache, iwowa sangalephere ndi manja okha."

Ndinakanena mawuwo panja monga anandiuzira. Malume aja anavomera ndi mutu, n'kuyamba kuyenda kwa aliyense amene anali ndi kamera. Sajeni anasonkhanitsa anzake pafupi ndi galimoto, ndipo anakambirana kwa kanthawi motsitsa mawu.

Kunyumba yosungirako mitembo tinalowa mondondozana kukaona nkhope. Pansi panali kapeti wofewa wakuti mapazi samveka, ndipo kanyimbo ka limba kankamveka chapansipansi kuchokera kukhoma. Malo amenewo amakuphunzitsa kunong'ona ngakhale palibe wakuletsa kulira. Achimwene anali atavekedwa suti yawo yakuda ya kutchalitchi. Ndinayang'ana manja awo. Pachala chapakati khungu linali likadali lokhakhala chifukwa cha singano. Kutchalitchi mwambo unali waufupi. Abusa, mzungu wachinyamata, analimbana ndi dzina la kubanja kwathu mpaka kulipinda, ndipo palibe anawakonza. Malume aja ananena mbiri ya malemu, za sukulu ndi za ntchito. Za chifukwa chimene anachokera kwawo anazilumpha, ndipo tonse tinamva pamene analumphapo.

Ulendo wa kumanda tinayenda pamagalimoto, nyali zili zoyatsa masanasana monga amachitira kuno. Tinadutsa m'misewu ya nyumba za njerwa zofiira, n'kuyamba kukwera chitunda cha kumtunda kwa mzinda. Magalimoto ena ankaima kutipatsa njira. Bambo wina amene ankadikira basi anavula chipewa mpaka tonse titadutsa. Pamene tinkafika pamwamba, kamvula kaja kanali katasanduka chipale chofewa, choyamba cha chaka chimenecho, chikugwa mwaulesi n'kusungunuka chikangokhudza pansi.

Pachipata cha manda tinapeza anzawo a achimwene aja ataima kale m'mizere iwiri, majekete ali psuu pakati pa miyala yotuwa. Ng'oma anali ataikuta ndi nsalu yakuda. Kwathu bokosi limanyamulidwa ndi adzukulu amene akumba manda. Kuno manda anakumba ndi makina dzulo lake, ndipo dothi analiphimba ndi kapeti wobiriwira wonga udzu, kuti anamfedwa asalione. Ena mwa a majeketewo anabwera kugalimoto n'kusenza bokosi pamapewa mwakamodzi, popanda woyankhula. Otsalawo anatsogola. Mumzere wa kumanzere anasiya mpata wa munthu mmodzi, ndipo ankayenda osautseka. Ndaziona, amene anandigwira mkono, anandinong'oneza m'Chingerezi kuti pamenepo ndi pamene pankaima adadi ake.

Amayi anayambitsa nyimbo ya kwathu. Poyamba nyimbo ndi ng'oma zinkakokana, ng'oma ikupita kwake, ife kwathu. Woimba ng'omayo, bambo wonenepa wa magalasi, anasiya kaye n'kutchera khutu. Atayambiranso anatsatira ife, ndipo asilikaliwo anasintha mayendedwe awo kuti agwirizane ndi nyimbo imene sanaimvepo chibadwire. Tinayenda choncho mpaka pamanda.

Abusa atatha mapemphero, bokosi litatsitsidwa, sajeni anaimika anthu ake mbali ina ya manda. Analamula ndi mawu amphamvu, ndipo onse pamodzi anatsitsa paphewa mfuti zimene panalibe. Anapisa dzanja m'kachikwama ka m'chiuno, kupititsa kukamwa, kuluma, kulavula, kuthira, kusolola kandodo, kusinja. Manja awo ankaima pamalo enieni pamene chitsulo chikanathera, ngati akumva kulemera kwake. Ndinkaopa kuti wina mwa anthu athu aseka, poti ndi zimene ife tinkachita tikawaona achimwene ndi tsache lawo. Palibe anaseka. Ndinaona kuchuluka kwa ntchito imene inali m'manja amenewo, ndi kuti achimwene anaiphunzira yonseyo ali wamkulu kale, ataweruka kuntchito, ali okhaokha pansi pa nyumba.

A majeketewo analoza kumwamba. Sajeni anafuula liwu lomaliza lija, loti mfuti zilire. Kunangoti zii. Chipale chinkagwera pazipewa zawo zazitali, manja ali m'mwamba.

Mkati mwa bata limenelo alamu anakuwa. Anaitana amuna awo ndi dzina limene sindinawamvepo akulitchula pagulu, amayi n'kuwagwira. Kenaka tonse tinalira mmene timalirira kwathu, mosanong'ona, motchula mayi athu amene sadzaona manda amenewa, motchula mudzi. Anthu ogwira ntchito pamandapo, amene ankadikira chapatali, anatembenuka kuyang'ana kwina. A majekete aja anaima chilili, ena misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta chifukwa sanalamulidwe kusuntha.

Ogwira ntchitowo ankayembekeza kuti tichoka kuti adzakwirire ndi makina, monga amachitira. Amuna a kwathu anakana kusiya mnzawo padzenje lotsekula. Anapempha mafosholo, koma panapezeka imodzi yokha. Sajeni anatuma anzake kugalimoto, ndipo anabwera ndi timafosholo tawo tatifupitifupi tokumbira ngalande za kumisasa. Anavula majekete, kuwapinda bwinobwino pamwala, n'kusendeza kapeti wobiriwira uja. Dothi lake linali lomata, lolemera. Ankasinthana, Mmalawi kulandira kwa mzungu, mzungu kwa Mzambiya. Malume aja, amene msana unkawavuta, anatambasula dzanja kwa sajeni, n'kulandira fosholo yake, n'kuponyamo kangapo. Atatopa anaibweza ndi manja awiri. Alamu ndi Ndaziona anayamba kuika nkhata, ife n'kutsatira.

Titabwerera kunyumba tinapeza amayi amene anatsalira ataika beseni la madzi ofunda pakhomo. Azunguwo ataona ife tikusamba m'manja anachitanso chimodzimodzi osafunsa. Anthu anadya ataimirira, ena m'khitchini, ena pamasitepe, ena panja pamoto. Msuzi wa asilikali uja unatha wonse, ngakhale amayi ena ankati wachuluka mchere. Chipale chitayamba kukhala pamsewu, a kutali anayamba kutsanzika kuti asavutike panjira. Malume aja asanakwere galimoto anapita kwa sajeni n'kumuuza kuti kwathu anthu amene amanyamula ndi kukwirira maliro timawatcha adzukulu, ndipo banja siliwaiwala. Sajeni anayesa kutchula liwulo kawiri, n'kulephera, onse awiri n'kumwetulira. Azunguwo anazimitsa moto, kuwola phulusa lonse, n'kunyamuka.

Pofika madzulo m'nyumba munatsala anthu atatu. Tinabweza mipando pabalaza, koma sitinakumbukire bwino pamene uliwonse unkakhala. Ndaziona anagona pasofa asanavule diresi lake lakuda, ndipo ndinamufunditsa. Mafiriji a kuno amalira usiku ndi usana, koma munthu umawamva pokhapokha m'nyumba mukakhala chete ngati mmene munalili. Ine ndi alamu tinakhala pathebulo la kukhitchini, nyali imodzi yokha ikuyaka.

Anandiuza kuti mawa lake ndi Loweruka. Anati Loweruka lililonse la nyengo yotentha ankakangana ndi amuna awo pakhomo lomwelo, iwo akunena za kumsika ndi zochapa, achimwene atasenza kale chikwama. Achimwene ankawaitana kuti apite limodzi akaonere, koma alamu sanapiteko ngakhale kamodzi. Lero ndi pamene anaona koyamba zimene ankachita kumeneko.

"Inu alamu munapitako. Nawonso ankachita bwino ngati anzawo aja?"

Ndinafuna kunena kuti ankaposa onse. Koma alamu si munthu wonamizika, ndipo anali akundiyang'ana m'maso. Ndinawauza zoona, kuti pakusoka panalibe wowafika, koma pamzere ankatsalira pang'ono nthawi zonse, anzawo akamasinja iwo akulumabe kapepala, ndipo ankasuzumira mapazi a woyandikana naye kuti aone ngati aponda ndi mwendo woyenera.

Alamu anaseka pang'ono, dzanja lili pakamwa kuti mwana asadzuke. "Ndi iwowo amenewo," anatero. Anaimirira, kutsuka makapu athu awiri, n'kuwavundikira pathaulo. Kenaka anandipempha kuti ndisapite kwanga usiku umenewo, ndipo ndinavula nsapato.